Si zonse ndi timba

Lero ndikufuna tikambirane mbiri imene simudzaipeza mu silabasi ya MSCE, ngakhale ikukhudza atsamunda omwe aja tinkavutika nawo mu Fomu 3. Ndi mbiri ya mbalame zing'onozing'ono za m'bango ndi m'zitsamba, zimene pa Chingerezi zimatchedwa warbler, komanso ya anthu amene anathera moyo wawo pofuna kuzisiyanitsa. Mmodzi mwa anthuwo, mwinanso katswiri kuposa onse, anali wakwathu konkuno, koma ndikukayika ngati alipo pakati panu amene anamvapo dzina lake m'kalasi.

Kuno kwa Maganga mnyamata aliyense wa legeni amadziwa pumbwa, tchete, mpheta, choso ndi namzeze. Koma mumulozere kambalame kofiirira kamene kakulumphalumpha m'udzu, yankho ndi limodzi: ameneyo ndi timba. Kaya kali m'bango la pamathiriro a Linthipe, kaya m'dambo la Mpatsanjoka, kaya m'mitengo ya minga ya m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, onse ndi atimba basi. Chonsecho m'dera lomweli muli mitundu yoposa 10 ya mbalame zotere. Ina imaswana konkuno chaka chonse. Ina imangobwera nthawi ya mvula kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia, n'kubwerera dzinja likamatha. Sindikunyoza dzina la timba ayi. Makolo anamulemekeza mpaka kumuika m'mwambi, kuti timba sachepa ndi mazira ake. Ndikungonena kuti m'dzina limodzili mwabisala mbalame zimene sizidziwana n'komwe.

Mukalemba mawu oti warbler pa intaneti, zithunzi zambiri zimene zibwere ndi za mbalame za ku America, zachikasu, zabuluu, zamawangamawanga ngati chitenje. Zimenezo ndi banja lina, sizili pa ubale ndi zathu, dzina lokha ndi limene zinabwereka. Zathu zambiri zimavala khaki ngati mesenjala wa kwa DC. Komabe zokongola zilipo. Yellow-breasted Apalis, imene mungaione m'mitengo ya m'mbali mwa nyanja, ili ndi chifuwa chachikasu, mutu wotuwa ndi msana wobiriwira. Camaroptera ili ndi mapiko obiriwira, imayenda itaimika kamchira, ndipo imalira ngati kamwana ka mbuzi kamene kasiyana ndi make. Crombec ndiye imaseketsa, chifukwa imaoneka ngati wina anaizula mchira.

Mbiri yolembedwa ya mbalame za dziko lino imayamba ndi John Kirk, dokotala amene anali pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi kuyambira 1858. Mu Sepitembala 1861 iwowa analowa m'nyanja yathuyi pa bwato, nazungulira Cape Maclear, n'kutsata gombe la kumadzulo kulowera kumpoto, ndiye kuti anadutsa kufupi ndi gombe lathu la Salima lino. Kirk anali ndi kamera, ndipo zithunzi zake zili m'gulu la zoyambirira kujambulidwa m'chigawo chino cha Africa. Koma kamera ya nthawi imeneyo inkafuna kuti chojambulidwacho chikhale chete kwa mphindi zingapo. Mlambe umatha kutero, nyumba imatha kutero, timba sangathe. Choncho chida chodziwira mbalame chinali mfuti. Ankaiwombera ndi zipolopolo zing'onozing'ono, kuisenda, kuika thonje m'chikopa, kumangirira kapepala kumwendo, n'kutumiza ku London. Kirk analemba za mbalame za ku Zambezi m'magazini ya The Ibis mu 1864. Kambalame kena kachikasu ka mchira wofiira ka m'chigwa cha Shire, kamene lero akatswiri amakaika kufupi ndi ma warbler, kanapatsidwa dzina loti Livingstone's Flycatcher mu 1870, ndipo dzinalo lidakalipo.

Ntchito yotolera mbalame inakula pamene Harry Johnston anabwera kudzakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891. Iye anabwera ndi Alexander Whyte, munthu wa ku Scotland wodziwa zomera ndi nyama, amene anayambitsa munda wa mitengo ndi maluwa ku Zomba. Ana a Geography mukumudziwa mosazindikira, chifukwa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, unatenga dzina lake. Whyte ankatumiza mabokosi a zikopa ku London, kumene Captain George Shelley, mwana wa m'bale wake wa mlakatuli uja Percy Shelley, ankazipima pa tebulo n'kuzitchula mayina. Mu 1893 Shelley anafotokoza kambalame ka khosi ndi mimba yachikasu kwambiri, kokhala ndi mzere wakuda pachifuwa ngati kavala mkanda, nakatcha Apalis flavigularis. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati ndi nthambi chabe ya mtundu wina wofala, koma lero ambiri amakawerenga ngati mtundu paokha. Ngati ndi choncho, ndiye kuti pa mitundu pafupifupi 650 ya mbalame za m'Malawi, aka kokha ndi kamene sikapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Kamakhala m'nkhalango za ku Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo kali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha chifukwa nkhalangozo zikudyedwa ndi nkhwangwa ndi moto. Ndimadabwa kuti tinaika nkhwazi pa chizindikiro cha dziko, mbalame imene a Zambia ndi a Zimbabwe nawonso amati ndi yawo, pomwe yathuyathu sitiidziwa.

Vuto la zikopa linali lakuti chikopa sichilira. Mbalame za banja limeneli zimafanana kwambiri nthenga moti mukaziyala pa tebulo mutha kulumbira kuti ndi mtundu umodzi. Zimasiyana mawu. Izi zinadziwika kale ku England, kumene m'busa wina wa m'mudzi wa Selborne, Gilbert White, anasonyeza m'buku lake la 1789 kuti kambalame kamene anthu ankati ndi kamodzi kanali mitundu 3, ndipo anaisiyanitsa pomvetsera. Kuno ku Africa chisokonezo chachikulu chinali pa gulu lotchedwa Cisticola, atimba a m'udzu aja a mizeremizere kumsana. Amene anachimasula ndi Hubert Lynes, mkulu wa asilikali a m'madzi a Britain amene anapuma pa ntchito, ndipo mu 1930 anatulutsa buku la masamba oposa 600 lokamba za gulu limodzili. Iye anaona kuti sikokwanira kuyeza phiko. Muyenera kudziwa kuti mbalameyo imalira bwanji, imauluka bwanji, ikhala m'udzu wotani. N'chifukwa chake mayina ambiri a Chingerezi a mbalamezi amangonena kalilidwe kake. Rattling Cisticola imatera pansonga pa chitsamba n'kuyamba ndi timawu titatu kapena tinayi kenako n'kumaliza ngati mwagwedeza chitini cha miyala. Croaking Cisticola imalira ngati chule. Zitting Cisticola imauluka modumphadumpha pamwamba pa dambo, ndipo ikadumpha kamodzi imati zit. Pitani ku Mpatsanjoka mu Januwale, mukaimva musanaione, mwinanso simukaiona n'komwe.

Tsopano ngati chida chenicheni ndi khutu, ndani anali ndi khutu? Apa ndiye pali nkhani.

Mu 1932 kunabwera mnyamata wa ku England dzina lake Constantine Walter Benson kudzagwira ntchito m'boma la Nyasaland. Anzake ankangomutcha Con. Anakhala m'maboma osiyanasiyana kwa zaka 20, ndipo kulikonse kumene ankapita ankatolera mbalame. Mu 1953 anatulutsa mndandanda wa mbalame za Nyasaland, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wake Mary anatulutsa buku lotchedwa The Birds of Malawi. Lisanabwere limeneli, buku limene anthu ankadalira linali la Charles Belcher la 1930, woweruza milandu wochokera ku Australia. Benson anali wakhama, palibe angatsutse. Koma m'khitchini mwake munali mnyamata wothandiza ophika, dzina lake Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique cha m'ma 1914, mmodzi mwa anthu ambirimbiri amene anawoloka malire nthawi imeneyo kulowa m'Nyasaland. Benson anamuphunzitsa kusenda mbalame. Posakhalitsa zinaoneka kuti mnyamatayo anali ndi zimene bwana wake analibe. Ankatha kumva kulira kamodzi n'kudziwa kuti iyi sitinaigwirepo. Ankatha kutsanzira mbalame ndi likhweru mpaka yeniyeniyo kubwera. Anagwira ntchito ndi Benson zaka zoposa 30, kuno, ku Northern Rhodesia kumene Benson anasamukira mu 1952, ndi ku zilumba za Comoros pa ulendo waukulu wa mu 1958. Akatswiri ena a ku America ndi ku Rhodesia ankachita kumubwereka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa ntchito yake ndi ulendo wa mu 1945. Benson anatuma Makawa kutsidya kwa nyanja, ku mapiri a Njesi m'chigawo cha Niassa, kumpoto kwa mzinda umene lero ndi Lichinga. Bensonyo sanapite nawo. Makawa anakwera yekha ndi omunyamulira katundu, nalowa m'timagulu ta nkhalango ta pamwamba pa phirilo, n'kubwerako ndi kambalame kotuwa ka mlomo wautali, kamene kufikira nthawi imeneyo kankadziwika ku mapiri a Usambara okha ku Tanganyika, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Njesi. Ku Usambara kanali katapezeka ndi Reginald Moreau cha m'ma 1930. Benson anaona kuti ka ku Njesi n'kosiyana pang'ono, nakalemba m'mabuku ndi dzina loti sousae. Zitatero panalibenso katswiri wina amene anakaona. Panadutsa ulamuliro wa Apwitikizi, nkhondo ya ufulu, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, mpaka mu 2001 pamene Peter Ryan ndi Claire Spottiswoode a ku Cape Town anakwera phirilo n'kukapeza kadakalipo. Zaka 56 zonsezo, zonse zimene dziko lapansi linkadziwa za kambalameka zinali zimene Makawa anabweretsa m'bokosi. Lero akatswiri ena amati ndi mtundu paokha, wa Mozambique yekha.

Taonani tsono mmene mayina ankagawidwira. Whyte ali ndi mbalame yake, Alfred Sharpe ali ndi zake, Lynes ali ndi apalis ya ku phiri la Namuli. Pa ulendo wa ku Comoros uja anapeza warbler yatsopano pa chilumba cha Moheli, ndipo Benson anaitcha Nesillas mariae, polemekeza mkazi wake. Makawa anadikira mpaka m'ma 1960. Mu 1964 anagwira kambalame kachilendo m'nkhalango ya Mayau kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ka gulu lina losakhala la ma warbler, ndipo chaka chotsatira Benson ndi Michael Irwin anakatcha Pogoniulus makawai. Kufikira lero sikanapezekenso kena kofanana nako, moti akatswiri amatsutsana ngati unalidi mtundu watsopano kapena kanali kamodzi kobadwa ndi nthenga zachilendo. Ena mwa inu munena kuti Benson anamudyera masuku pamutu. Ine ndimaona kuti nkhaniyi ndi yovutirapo. Benson ankamutchula m'zolemba zake ndi kumuyamikira poyera, chinthu chimene atsamunda ambiri sankachita. Koma dongosolo linali loti wina amve, akwere phiri, asende, ndipo wina alembe dzina lake pamwamba pa pepala. Makawa anamwalira mu 1995. Amene anafukula bwino mbiri yake ndi mphunzitsi wa History wa ku America, Nancy Jacobs, m'buku la 2016 lotchedwa Birders of Africa. Zimandiwawa pang'ono kuti ntchito imeneyo sinagwiridwe ndi mmodzi wa ife.

Pambuyo pa mfuti panabwera mphete. Funso linali lakuti atimba ena amene amasowa mu Epulo amapita kuti. Amene anayamba kuveka mbalame timphete ta aluminiyamu tokhala ndi nambala anali mphunzitsi ngati ife tomwe, Hans Christian Mortensen wa ku Viborg m'dziko la Denmark, mu 1899. Anzake a mu staff room ayenera kuti ankamuseka. Ku South Africa ntchitoyi inayamba mu 1948. Kuno kwathu amene anaigwira molimbika anali mayi Dale Hanmer, amene ankakhala ku Nchalo pa esiteti ya nzimbe m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ankatchera maukonde opyapyala ngati ulusi wa kangaude, kugwira mbalame, kuziyeza, kuziveka mphete n'kuzimasula, chaka ndi chaka. Anapeza kuti ma warbler ena ochokera kunja amabwerera pamalo pomwepo pamene anagwidwa chaka chatha, atapita ku Ulaya n'kubwerako. Mwa mbalame zimene ankagwira munalinso Basra Reed Warbler, imene imaswana m'madambo a kummwera kwa Iraq. Pamene Saddam Hussein anaumitsa madambo amenewo m'ma 1990 polanga anthu okhala mmenemo, mbalameyi inalowa pa mndandanda wa zimene zili pangozi. Ana a Social Studies, chitsanzo cha mmene ndale za dziko lina zimafikira ku Chikwawa ndi chimenecho.

Koma umboni umene ndimaukonda kuposa wa mphete unabweranso ndi khutu. Mayi wina wa ku Belgium, Françoise Dowsett-Lemaire, ankajambula mawu a Marsh Warbler m'dziko lakwawo. Mbalame imeneyi ilibe nyimbo yakeyake, imangosoka zidutswa za nyimbo za mbalame zina zimene inamva m'chaka choyamba cha moyo wake. Mawu ena ankawazindikira kuti ndi a mbalame za ku Ulaya, koma ambiri anali achilendo. Atabwera ku Africa anawapeza eni ake. Mu 1979 anasindikiza zotsatira: mitundu 212 yotsanziridwa, 99 ya ku Ulaya ndi 113 ya ku Africa, ndipo mbalame imodzi inkatsanzira mitundu pafupifupi 76. Mwa zotsanziridwa kawirikawiri munali pumbwa wathu yemweyu ndi camaroptera. Ndiye kuti mu Juni, pamene ife tikuwotha moto chifukwa cha mwera, m'tchire lina ku Belgium muli kambalame kamene kakulira ngati pumbwa wa pa mtengo wa papaya. Poona kuti ndi mbalame za dera liti zimene zinkatsanziridwa, ankatha kulondola njira imene Marsh Warbler imadutsa. Imachoka ku Ulaya cha mu Ogasiti, imaima miyezi ingapo kumpoto chakummawa kwa Africa, imadutsa Kenya mu Novembala ndi Disembala, n'kufika kuno mvula itakhazikika. Mayi yemweyu ndi mwamuna wake Robert Dowsett ndi amene anatulutsa buku lalikulu la mapu a mbalame za m'Malawi mu 2006, limene tikudalira mpaka pano.

Tibwere kwa Maganga. Mlendo woyamba kufika ndi Willow Warbler, cha mu Okutobala, kutentha kuli pachimake. Imalemera magalamu 8 mpaka 10, ngati masupuni aang'ono awiri a shuga, koma zina mwa izo zimachokera kummawa kwenikweni kwa Siberia, ulendo woposa makilomita 12,000. Ndi yobiriwira motuwa kumsana, yoyera mwachikasu kumimba, ili ndi kamzere kowala pamwamba pa diso ngati nsidze, ndipo siikhazikika, imangosanthula masamba ikulira kamawu kofewa kokwera kumapeto. Imafanana ndi Icterine Warbler, koma iyo ndi yokulirapo, mlomo wake ndi wotakata, miyendo yake ndi yotuwa mwabuluu. M'bango muli Great Reed Warbler, yaikulu ngati pumbwa, ya mawu okhakhala ngati chitseko chopanda mafuta, ndi Sedge Warbler ya nsidze yoyera yooneka patali. Eni bango a chaka chonse ndi monga Lesser Swamp Warbler, imene mawu ake ndi okoma ngati madzi akutuluka m'botolo. Lamulo limodzi limene ndimaphunzitsa ana a kalabu ya Wildlife ndi ili: yang'anani phiko. Mbalame ya ulendo wautali ili ndi phiko lalitali losongoka, nthenga zake zakumapeto zimapitirira ndithu kulowera kumchira. Ya konkuno ili ndi phiko lalifupi lobulungira, chifukwa ulendo wake ndi wochoka pa bango ili kupita pa ilo. Lamuloli silithetsa milandu yonse, koma limachepetsa oganiziridwa.

Apa ndi pamene kamera yalowa m'malo mwa mfuti ya Whyte. Chithunzi chabwino cha warbler, kwa ine, ndi chimene chingagwire ntchito ya chikopa chija: chionetse mbalame cham'mbali, phiko lonse, mtundu wa miyendo, nsidze ndi mlomo. Chithunzi chokongola cha kambalame koyang'ana kamera sichithandiza kwenikweni pa kuzindikira. Jambulani zambiri motsatizana, chifukwa pa 30 mwina 2 ndi zimene zikhale zakuthwa. Amene muli ndi kamera yosintha liwiro, musatsike pansi pa 1/1000 ya sekondi. Ngati kamera ikukakamira pa bango m'malo mwa mbalame, ikani kadontho kamodzi ka focus ndipo mulunjike pa diso. Kumbukiraninso kuti kuno nyanja ili kummawa. Mukaima kumtunda m'mawa n'kuyang'ana bango cha kunyanja, dzuwa lili m'maso mwanu ndipo mupeza chithunzithunzi chakuda. M'mawa imani kumchenga muyang'ane kumtunda, madzulo mutembenuke. Musathamangitse mbalame. Pezani pamene ikulira, khalani pansi, valani zosawala, dikirani. Timba amakonda kubwerera pa nthambi yomweyo. Ndipo musalowe m'madzi a m'bango chifukwa cha chithunzi. Pamathiriro a mitsinje pali ng'ona ndi mvuu, ndipo likodzo silioneka ndi maso.

Ambiri a inu mulibe kamera yotere, ndikudziwa malipiro athu. Foni ikwanira pa chinthu chofunika kwambiri, chimene ndi mawu. Jambulani kulira kwa masekondi 30, kumapeto mutchule tsiku, malo ndi mtundu wa tchire. Pa intaneti pali nkhokwe ya mawu a mbalame yotchedwa xeno-canto, imene inayamba mu 2005, kumene mungayerekeze zimene mwajambula. Mapulogalamu a pafoni ozindikira mbalame amachita bwino ndi za ku Ulaya ndi America kusiyana ndi zathu, chifukwa anaphunzitsidwa ndi mawu ochuluka a kumeneko, choncho musawakhulupirire ngati marking scheme. Mukhozanso kugunditsa kamera ya foni pa magalasi oonera patali. Chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino koma nthawi zina chimakwana kuona phiko.

Za zisa ndinenepo mawu amodzi. Buku loyamba la zachilengedwe lokhala ndi zithunzi za kamera zokhazokha linali la zisa za mbalame, la abale awiri a ku England, Richard ndi Cherry Kearton, mu 1895. Anayamba ndi zisa chifukwa chisa sichithawa, ndipo pofuna kuyandikira mbalame anafika pobisala m'chikopa cha ng'ombe choumikidwa. Masiku ano ojambula odziwa ntchito amapewa zisa. Camaroptera imasoka masamba amoyo ndi ulusi wa kangaude kuti chisa chisaoneke. Mukapatula masambawo kuti mujambule, mwaonetsa njira kwa njoka, kwa khwangwala ndi kwa mnyamata wa legeni amene amakuonerani chapatali.

Chimene chikusowa tsopano ndi malo. Inu amene munakulira kuno mukudziwa mmene bango linalili m'mbali mwa nyanja muli ana. Lina linapita ku mphasa ndi mipanda, zimene sizinali vuto chifukwa limaphukanso. Limene silibwerera ndi lozulidwa kuti pakhale mchenga woyera wa alendo, ndi madambo amene asanduka minda ya mpunga mpaka m'mphepete. Sindingauze mlimi kuti asiye mpunga chifukwa cha kambalame ka magalamu 10, inenso ndimadya mpunga womwewo. Koma kusiya kamzere ka bango m'mbali mwa mtsinje sikuchepetsa thumba, ndipo pamene nyanja inakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, tonse tinaona ntchito imene bango limagwira pothyola mafunde.

Chinanso chimene chikutha ndi mayina athu. Mu dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892 muli mayina a mbalame amene ana a lero sanawamvepo, ndipo kuno kwa Maganga, kumene Chiyao, Chichewa ndi Chitonga cha asodzi zimakumana pa doko limodzi, ndikukhulupirira kuti agogo ali ndi mayina ena a atimba amene sanalembedwe paliponse. Mukabwera ku tchuthi, jambulani kulira kwa mbalame pafoni, mukawamvetsere agogo, mulembe dzina limene atchule ndi chilankhulo chake, munditumizire. Ine ndiziika pamodzi ndi mayina a m'mabuku. Yambani ndi mitengo ya nsangu mu Okutobala, idakali ndi masamba, chifukwa mvula ikagwa imayoyola ndipo alendo aja amasamukira m'mitengo ina.